Tsiku lomwe ndinakathandiza pa kanjanji ka m'paki

Kasitima kamene ndikunena pano ndi kasitima kenikeni, koyendera malasha ndi madzi, kotulutsa utsi ndi nthunzi, kokoka mabogi atatu kapena anayi omwe pamakwera ana ndi akulu omwe. Kungoti n'kakang'ono. Injini yake imandilekeza m'mawondo, ndipo njanji zake ziwirizo n'zotalikirana mainchesi 7 ndi kota, omwe ndi mamilimita 184. Nditatambasula chikhatho, chala chachikulu chili pa njanji iyi, chaching'ono chinkakhudza inayo. Kuno ku England tinjanji totere tilipo tambiri m'mapaki, ndipo tambiri mwa ito timayendetsedwa ndi makalabu a anthu ongodzipereka, osalandira khobidi. Ine ndinakhala nawo tsiku limodzi lathunthu, Lamlungu lina m'mwezi wa Juni 2024, ndipo ndikulemba izi chifukwa cha anzanga angapo omwe akhala akundifunsa kuti munthu amayambira pati, nanga kumakachitika zotani.

Ndimakhala m'tauni ina ku Midlands, chigawo chapakati cha England, ndimagwira ntchito yosamalira okalamba. Kanjanjika ndinakadziwa chifukwa cha mwana wanga wa zaka 6. Tikuyenda m'paki tsiku lina tinangomva kulira kwa sitima m'mitengo, iye n'kundisiya dzanja ulendo wothamangira komweko. Ine chimene chinandigwira ndi fungo. Malasha oyaka, oyilo wotentha ndi nthunzi zikasakanikirana zimatulutsa fungo lakelake, ndipo linanditengera kwa agogo anga aamuna omwe anagwira ntchito ya njanji ku Limbe masiku a sitima za malasha. Ine ndinabadwa zimenezo zitatha kale, ndinakwera za dizilo zokha popita ku Balaka, koma jekete lawo lakale linali ndi kafungo kena komwe sikankachoka. Iwowo ndi amene ananditengera ku nyumba yosungira zinthu zakale ku Chichiri kukaona injini zomwe zimangokhala panja paja, n'kumandilozera pomwe munthu wosonkhezera moto ankaima. Sindinkadziwa kuti injini ya malasha yamoyo ndidzaionera kunja kuno, yaing'ono ngati mbuzi.

Pa kanyumba kogulitsira matikiti panali chikalata chopempha anthu oti azithandiza. Ndinachijambula pa foni, n'kukhala nacho masabata atatu osachitapo kanthu. Ndinkadzifunsa kuti mzimayi wosadziwa ngakhale dzina la sipanala akatani pakati pa madoda a imvi omwe amapanga injini ndi manja awo. Nditalemba uthenga, yankho linabwera tsiku lomwelo, lalifupi: bwerani Lamlungu hafu pasiti 8, muvale zovala zakale za thonje, nsapato zolimba zotseka zala, tsitsi mumange. Za thonjezo ali ndi chifukwa chake. Kachidutswa ka khala lamoto kakagwera pa nsalu ya thonje kamangoboola, koma pa nsalu za nayiloni kamasungunula, n'kumatirira pakhungu. Anandiuzanso kuti ndikafika ndisayine fomu kuti inshulansi ya kalabu indiphatikize pa tsikulo. Inu amene muli kuno pa viza, werengani kaye zomwe yanu ikulola pa ntchito zongodzipereka, chifukwa malamulo ake amasiyana malinga ndi mtundu wa viza. Ine ndinawerenga yanga ndisanapite. Mwana ndinamusiya kwa mnzanga wa kutchalitchi, ndipo ndinachita bwino, chifukwa simungayang'anire ana a eni pomwe diso lina lili pa wanu.

Ndinapeza anthu 9 atazungulira ketulo m'kanyumba ka kalabu. Vuto langa loyamba linali mayina. Bambo wa zaka pafupifupi 80, wovala kapusi yakuda yonyezimira ndi girizi, anandipatsa dzanja n'kutchula dzina lawo loyamba lokha, nati ndiziwaitana choncho. Pakamwa panga panakana. Ku ntchito ndinazolowera ndithu kutchula okalamba mayina, koma apa zinali ngati ndikutchula agogo anga omwe. Mumtima ndinangowatcha agogo a kapusi, ndipo muno ndiwatchula motero. Panalinso amayi ena omwe anapuma ntchito ya uphunzitsi. Iwo ndi omwe amakhala kumbuyo kwenikweni kwa kasitima ndi wenzulo, mbendera ndi chogwirira mabuleki. Kuno amati guard, ine ndizingoti kondakitala.

Ntchito yoyamba inali kuyendera njanji wapansi. Palibe kasitima komwe kamatuluka wina asanazungulire njira yonse ndi maso ake. Yathuyi ndi yozungulira, yopitirira pang'ono theka la kilomita, yodutsa m'mitengo, pa kamlatho ndi m'kangalande kakafupi. Agogo a kapusi anandipatsa tsache ndi ndowa, iwo anatenga kachitsulo koyezera mpata wa njanji ndi kabotolo ka oyilo. Ndinkaganiza kuti tiyenda mphindi 10, koma tinatha pafupifupi ola. Agogo a kapusi ankayenda ngati munthu wofuna singano. Apa atole kanthambi, apo aponde thabwa logonekapo njanji kuti amve ngati likugwedera, apo agwade kuyang'ana bawuti. Pa mphambano, pomwe njanji imagawikana kulowera ku siteshoni, anandiuza kuti ndigwade nanenso. Pakati pa lilime la chitsulo losunthalo ndi njanji yaikulu panali kamwala kochepa ngati njere ya chimanga. Anakankha chogwirira, lilime lija linalephera kutsekeka bwinobwino, panatsala kampata koti n'kulowa chikhadabo.

“Kamwala aka n'kokwanira kugwetsa bogi,” anatero. “Mkombero wa wilo ndi waung'ono kuposa chala chanu chaching'ono. Ukalowa pampata apa, wilo lina lipita uku, lina uko.”

Anakachotsa ndi kawaya, n'kudontheza oyilo, n'kuyesanso kangapo mpaka chitsulo chinamveka kuti kha! Kuyambira pamenepo ndinayamba kuona zomwe poyamba sindinkaziona. Masamba onyowa pa chitunda amatereretsa mawilo. Ana oyenda m'paki madzulo amakonda kundandalika timiyala pa njanji, osati mwankhanza, kungosewera chabe. Agologolo amakumba miyala yogwira matabwa. Zonsezi zimachitika usiku uliwonse, ndiye m'mawa uliwonse wina ayenera kudutsamo ndi tsache.

Titabwerako tinapeza injini ziwiri zili pa tinjanji tokwera m'mwamba, tofika m'chiuno, pomwe amakolezera moto munthu osawerama kwambiri. Apa ndiye pamene ndinaima nthawi yaitali, ndipo ndikanatha kuimapo tsiku lonse. Mwini injini imodzi, mnyamata wa zaka za m'ma 30 yemwe anaigula kwa mkazi wamasiye wa amene anaipanga, anayamba ndi madzi. Moto sukolezedwa asanaone kuti mu boyila muli madzi okwanira. Kenako anatsegula kachitseko ka ng'anjo, kochepa ngati mabokosi awiri a machesi, n'kuyamba kuponyamo makala oviikidwa m'palafini ndi kafosholo konga supuni yaitali. Khala lomaliza analiyatsa lili pa kafosholo pomwepo n'kuliponyamo. Pamwamba pa chumuni anakhazikapo kafani ka magetsi kokoka mpweya, chifukwa injini yozizira siingakoke yokha utsi kudutsa m'timapaipi ta m'kati mwa boyila. Aliyense amene anakolezapo mbaula akudziwa chimene kafaniko kankachita, ndi ntchito ya chivundikiro cha poto chomwe timakupizira.

Makala atagwira, anayamba kuthira malasha, ting'onoting'ono ngati mtedza, pang'onopang'ono, m'makona monse. Ndinamva madzi akuyamba kuimba m'kati. Muvi wa kawotchi kosonyeza mphamvu ya nthunzi unadzuka pa ziro patapita mphindi ngati 20. Utafika cha pa 30, anachotsa kafani kaja n'kutsegula kapaipi komwe kamauzira nthunzi ya injiniyo m'chumuni, moto n'kuyamba kulusa wokha. Kuchokera apo muvi unakwera msangamsanga mpaka pa kamzere kofiira ka 100, ndipo pamwamba pa boyila panaphulika nthunzi yoyera, fwaa! Ine ndinadumpha. Iye anamwetulira nati ndi zomwe ankadikira: valavu yotetezera yatseguka pamalo ake enieni, ndiye kuti ikugwira ntchito. Ikanapanda kutseguka muvi utadutsa kamzereko, akanazimitsa moto, injiniyo sikanayenda tsiku limenelo.

Anandionetsa kagalasi koimirira, kotalika ngati chala, momwe mumaonekera mulingo wa madzi a mu boyila. Dalaivala amayang'ana kagalasika kuposa china chilichonse. Madzi akatsika mpaka osaonekamo, denga la ng'anjo limakhala poyera, moto n'kulifewetsa. Ndipo madzi a m'menemo si a m'ketulo. Pa mphamvu ya 100 ija amakhala otentha madigiri pafupifupi 170. Powonjezera madzi amagwiritsa ntchito kachipangizo kotchedwa injector, komwe Mfalansa wina, Henri Giffard, anatulukira mu 1858. Kalibe chozungulira chilichonse m'kati, koma kamatenga nthunzi ya mu boyila momwemo n'kukankhira nayo madzi ozizira kulowa mu boyila yomweyo. Anandifotokozera kawiri. Chimene ndinagwira n'chakuti kakamagwira bwino kamalira ngati kambalame, kakamakana kamalavula madzi pansi. M'kanyumba muja muli fayilo ya ziphaso za boyila iliyonse, chifukwa zimayesedwa nthawi ndi nthawi, ndipo yopanda chiphaso siiyandikira anthu.

Ndinene zoona, ndinapita kumeneko ndi kachiyembekezo kakuti mwina madzulo andilola kugwira chiwongolero ngakhale mamita ochepa. Ngati nanunso muli ndi maganizo amenewo, asiyeni kunyumba. Munthu wa tsiku loyamba sayendetsa anthu. Amayamba ndi ka injini ka mabatire njanji ili yopanda okwera, amaphunzira zizindikiro, amayesedwa, ndipo zimatenga miyezi. Ine anandiika pa siteshoni. Ntchito yanga inali kulandira matikiti, kukweza anthu, kuyenda m'mbali mwa mabogi kuona ngati aliyense wakhala bwino, kenako kukweza dzanja kwa kondakitala kuti zonse zili m'malo. Iwo akaona dzanja langa, amaliza wenzulo n'kukweza mbendera yobiriwira, dalaivala n'kuyankha ndi kulira kwa injini, ulendo n'kuyambika.

Mabogi ake ali ngati benchi yaitali yomwe munthu amakhala motang'adza ngati pa kabaza, mwendo uku mwendo uko, mapazi pa thabwa la m'munsi. Amayi aphunzitsi aja anandiuza zinthu zitatu zoti ndizinena kwa gulu lililonse, mokweza, ndisanakweze dzanja: mapazi akhale pa thabwa mpaka sitima itaima, osasendamira kumbali kapena kutembenuka, osagwira masamba kapena chilichonse cha m'njira. Chifukwa chake n'chosavuta. Munthu wamkulu mmodzi amalemera kuposa bogi lomwe wakhalapo, ndipo bogilo laima pa mpata wa chikhatho chimodzi. Akangosendamira panja pokhota, mawilo a mbali inayo amanyamuka.

M'mawa wonse zinayenda bwino. Tinatsegula 11 koloko, mzere unafika mpaka pa mtengo waukulu. Ana ankabwera ndi tikiti m'manja mwawo, ena ataikumbatira mpaka kunyowa, ndipo ndinkaiboola ndi kachitsulo koboolera matikiti iwo akuyang'anitsitsa. Kamtsikana kena kankaopa kulira kwa injini, kanatseka makutu, ndinakauza kuti kakhale bogi lakumbuyo pafupi ndi kondakitala. Kanabwerera katatu. Mawu atatu aja ndinawanena mwina ka 20, ndipo kwa ana ndinalibe vuto. Mwana ukamuuza kuti kweza phazi amakweza.

Pa chakudya cha masana tinkasinthana, ndipo ine ndinakhala pa benchi ndi agogo a kapusi. Atamva kuti ndine wa ku Malawi, funso lawo loyamba linali la mpata wa njanji za kwathu, ndipo anadziyankha okha: mafiti 3 ndi mainchesi 6, mamilimita 1,067, ngati za ku South Africa, Zambia ndi Zimbabwe. Anawerengera pa chala kuti kathuka kangalowemo pafupifupi ka 6. Ine ndinawauza za agogo anga, ndi kuti sitima inayamba kufika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Nsanje, komwe nthawi imeneyo kunkatchedwa Port Herald. Iwo anandiuza za Talyllyn ku Wales, njanji yoyamba pa dziko lonse kupulumutsidwa ndi anthu ongodzipereka, mu 1951, nati mzimu wa zonsezi unachokera kumeneko. Anandiuza kuti ndikapeza mpata ndipite ku Kent ndikakwere Romney, Hythe and Dymchurch, yomwe inatsegulidwa mu 1927, ya mpata wa mainchesi 15, yoyenda mtunda wa mamailosi 13 ndi theka kuchokera ku Hythe mpaka ku Dungeness, kapena Ravenglass and Eskdale ku Cumbria. Koma nkhani yomwe inawasintha nkhope inali ya malasha. Mgodi wa Ffos-y-fran, kufupi ndi Merthyr Tydfil ku Wales, komwe kunkachokera malasha abwino a injini zotere, unasiya kukumba kumapeto kwa 2023. Anandionetsa thumba lomwe linatsala m'shedi, n'kunena kuti akuyesa mitundu ina koma ina imatseka ng'anjo ndi chiphala. Anayankhula ngati mlimi amene akunena za mbewu ya makolo yomwe ikusowa.

Chimene ndalembera zonsezi chinachitika cha m'ma 2 koloko.

Panabwera bambo wina wamtali, wathupi, ndi kamwana ka zaka ngati ziwiri. Anakhala pa bogi lachiwiri, koma m'malo mokhazika mwanayo patsogolo pawo motang'adza, anamukhazika chopingasa pa ntchafu imodzi, dzanja lina lili ndi foni. Thupi lawo lonse linapendekera kumanzere. Ine ndinaona. Ndikubwereza, ndinaona bwinobwino. Ndinanena mawu atatu aja kwa gulu lonse, mwachisawawa, ndikuyembekeza kuti adzimvera okha. Sanamve, maso anali pa foni. Ndinaima pafupi nawo kamphindi, mawu ali pakhosi. M'mutu munadutsa zambiri nthawi imodzi: bambo wamkulu uyu ndimudzudzule pamaso pa mwana wake ndi anthu onsewa? Nanga akapanda kumva kayankhulidwe kanga n'kundifunsa kuti ndibwereze, mzere wonse ukuyang'ana? Nanga akandiyankha mwaukali, ine mlendo wa tsiku limodzi? Ndinadziuza kuti kasitima kamayenda pang'onopang'ono, sipachitika kanthu. Ndinakweza dzanja.

Kondakitala kuchokera kumbuyo sankatha kuona mbali imeneyo. Anakhulupirira dzanja langa, analiza wenzulo.

Kasitima kanatuluka, kanadutsa pa mphambano ija, kanalowa pokhota poyamba pomwe ndinkaonabe. Ndinaona bambo aja akutambasula dzanja la foni panja kuti adzijambule ndi mwana, n'kusendamira. Kenako phokoso: gu-gu-gu-gu, mawilo akugunda matabwa. Wenzulo analira mwamphamvu, mabuleki anagwira, kasitima kanaima pasanathe mamita atatu. Bogi linapendekeka koma silinagwe. Bambo aja anaponda pansi ndi phazi limodzi, mwana ali m'manja, akulira ndi mantha. Palibe anavulala, ngakhale kukalika. Koma ine miyendo inalobodoka, ndinagwira mpanda.

Zomwe zinatsatira zinachitika mwakachetechete moti ndinadabwa. Kondakitala anatsitsa anthu onse, anafunsa mmodzimmodzi ngati ali bwino. Wina anathamanga kukaimitsa kasitima kachiwiri komwe kanali m'mbuyo. Amuna awiri ananyamula bogi n'kulikhazikanso pa njanji, agogo a kapusi anagwada ndi kachitsulo kawo kuyeza mpata, anayang'ana mawilo, n'kulamula kuti kazungulire kamodzi kopanda anthu. Patatha mphindi 15 anthu anayambanso kukwera. Zonse zinalembedwa m'buku: nthawi, malo, bogi liti, chifukwa chake.

Polemba m'bukumo ndi pamene amayi aphunzitsi anandifunsa ngati ndinaonapo kanthu pa siteshoni. Ndikanatha kunena kuti ayi, palibe akanadziwa. Ndinawauza kuti ndinaona, ndipo ndinachita manyazi kulankhula. Sanakweze mawu. Anatseka buku, anandiyang'ana, nati:

“Zikomo ponena. Tsopano mvetserani. Mukakweza dzanja lija, ine ndimaika ana 15 pa mawu anu. Ngati simukukhutira, musakweze. Sitima ikhoza kudikira tsiku lonse, palibe amene akuthamangira ndege pano. Ndipo munthu akakana kukumverani, musalimbane naye, ingondiitanani.”

Ndinayembekeza kuti andichotsa pa siteshoni andipatse tsache. Anandibwezera pomwepo.

Ndakhala ndikuganizira za kamphindi kaja kambirimbiri. Ife tinaleredwa kuti wamkulu sawongoledwa pagulu, ndipo ulemu umenewo sindikuutaya, ndi umene umandipangitsa kugwira bwino ntchito yanga ya okalamba. Koma pa siteshoni paja sunali ulemu wokha. Munalinso mantha a munthu wobwera, amene safuna kuoneka, amene amachepetsa mawu ake kuti asavute aliyense. Mayi anga amati manyazi anapha lambe, ndipo tsiku limenelo manyazi anga akanavulaza mwana wa zaka ziwiri yemwe sanalakwe kanthu. Bambo aja sindiwaimba mlandu kwambiri. Iwo anabwera kudzasangalatsa mwana, sankadziwa kulemera kwa bogi kapena kukula kwa mkombero wa wilo. Amene ankadziwa ndine, chifukwa m'mawa womwewo ndinagwada n'kuona kamwala kaja.

Masana otsalawo ndinasintha kachitidwe. Ndinaleka kulankhula kwa gulu lonse ngati wailesi. Ndinkayenda bogi ndi bogi, kuyang'ana munthu m'maso, kumupatsa moni, kenako kumuuza chimene ndikufuna. Ndinapeza kuti ukayamba ndi mwana zimaphweka: umauza mwanayo kuti iwe ndiye woyang'anira adadi, uonetsetse kuti mapazi awo ali pa thabwa ndipo foni ili m'thumba. Mwana amasangalala ndi udindo, kholo limaseka n'kumvera, palibe wachita manyazi. Panabwera agogo ena aakazi omwe ankafuna kukhala chammbali chifukwa cha siketi ndi bondo lopweteka. Ndinawauza mwaulemu kuti sizitheka pa bogi ili, ndipo ndinaitana kondakitala, yemwe anawakonzera malo pa bogi lina lokhala ndi mpando weniweni. Kamodzi ndinaimitsa ulendo mphindi ziwiri zathunthu chifukwa mnyamata wina ankangotsitsa phazi mwadala. Dalaivala sanadandaule, anapezerapo mpata wothira malasha.

Tinatseka 4 koloko, koma ntchito inatha cha m'ma hafu pasiti 5. Gawo limeneli anthu ambiri saliganizira, ndipo ndi pamene manja amafunika kwambiri, chifukwa aliyense watopa ndipo ambiri mwa mamembala ndi achikulire. Musakonze zochoka anthu okwera akangotha. Injini zinabwerera pa tinjanji tokwera tija. Anasolola kachitsulo, moto wonse unagwera m'chitini pansi. Anatsegula valavu ya m'munsi, madzi otentha anatuluka ndi mkokomo, atatiuza kaye tonse kuti tiime patali. Kenako anatsegula kachitseko ka kutsogolo n'kundipatsa burashi yaitali yopyapyala kuti ndipitise m'kapaipi kalikonse kuchotsa mwaye. Ndinawerenga timapaipi 18. Mwaye unandilowa m'zikhadabo, m'mphuno, m'khosi la malaya. Tinapukuta injini ndi sanza ya oyilo ikadali yofunda, tinakankhira mabogi m'shedi, tinatola zikwangwani, ndinatsuka makapu.

Kwa amene mukufuna kuyesa, tengani chakudya chanu ndi madzi akumwa, chipewa, ndi jekete la mvula ngakhale kutacha bwino. Magolovesi amathandiza ponyamula malasha, koma musagwire chilichonse pa injini musanafunse, chifukwa chitsulo chotentha ndi chozizira zimaoneka chimodzimodzi. Musadumphe njanji musanayang'ane mbali zonse, ka injini ka mabatire kamabwera mwakachetechete. Simufunika kudziwa za umakaniko. Pa anthu 10 a tsikulo, oyendetsa anali atatu okha, enafe tinali pa matikiti, pa siteshoni, pa zizindikiro, pa tiyi ndi pa udzu. Makalabu ena amafunsa kuti mbiri yanu ifufuzidwe kudzera ku DBS, bungwe la boma loona ngati munthu anapalamulapo mlandu, ngati muzibwera kawirikawiri, poti pamakhala ana, ndipo kwa ife a ntchito yosamalira anthu zimenezo si zachilendo. Ngati Chingerezi chanu chimathawa mukapanikizika, yesererani mawu a pa siteshoni kunyumba, mokweza, mpaka azituluka okha.

Ndisanachoke, agogo a kapusi anabweretsa pepala la mayina a oti adzathandize mwezi wotsatira. Panali mipata yambiri yopanda munthu, makamaka pa siteshoni. Ndinatsegula foni kuona mashifiti anga, ndinapeza Lamlungu limodzi lomwe ndinali pa ofu, ndinalemba dzina langa pamenepo. Anandipatsa fomu ya umembala kuti ndikadzaze kunyumba, n'kundiuza kuti tsiku limenelo ndidzafike 8 koloko chifukwa akufuna ndidzayendere njanji ndili patsogolo, iwo ali m'mbuyo. Nditafika kokatenga mwana, anandinunkhiza malaya n'kufunsa ngati ndayendetsa. Ndinamuuza kuti ayi, ine ndi amene ndimalola kuti inyamuke. Usiku umenewo ndinaimbira mayi ku Bangwe kuwafunsa ngati jekete lija la agogo likadalipo, ndipo anati akayang'ana m'sutikesi m'mawa.